Mayi Nangozo ndi Makona Awo Anayi

Mayi Nangozo tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, ndipo ine sindinalire. Ndayamba ndi pamenepo kuti wina asadzati ndinabisa. Ndinangokhala pakati pa amayi anzanga, chitenje kumutu, n'kumamvetsera anthu akulimbirana kuwatamanda. Anayamba ndi mkulu wina wa kubanki ku Lilongwe, kunena kuti pakadapanda mayi amenewa bwenzi lero akusenza matumba a kabichi pa Lizulu. Kenaka namwino. Kenaka mbusa, amene mpaka mawu anamuthawa pokumbukira kuti chilembo choyamba adachidziwira pamphasa ya malemuwo. Onsewo sananame ayi. Chondiwawa kwambiri n'chomwecho, kuti sananame.

Pambali panga panali Lute, mwana wa malemu mkulu wanga, amene ndidamulera ine. Lute ndi mayi wa ana atatu tsopano, amagulitsa kachewere pa Lizulu, ndipo pepala lililonse lofuna dzina lake amadindapo chala. Nayenso adadutsa m'kalasi ya Mayi Nangozo. Za iye palibe anaimirira kunena, ndiye ndinena ine.

Mayiwa ndidawadziwa chaka chija matipate atangolowa, sukulu ya pulayimale itakhala yaulere. Ana adatuluka m'midzi yonse ya kwathu ku Biriwiri ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa, ena kuwoloka msewu kuchokera mbali ya Mozambique. Aphunzitsi adachepa, ndiye boma lidatola ife a Fomu 4 amene tinkangokhala pakhomo, n'kutitcha aphunzitsi ogwirizira. Ine adandiponya ku Sitandade 1. Ahedi adandiuziratu poyera kuti zoti ndidzapite kukoleji ya aphunzitsi zidzadalira kalata imene Mayi Nangozo adzalembe za ine.

Tsiku loyamba adandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Adali aafupi, ouma thupi, atavala juzi yofiirira imene ndidadzaiona zaka zonse, kaya kuzizire kaya kutenthe. Sadandifunse dzina. Adaloza khasu lakutha, lopanda mpini, limene lidalendewera pawaya kudenga. Adandipatsa kachitsulo koimbira, kenaka adavula n'kundipatsanso wotchi yaikulu yachimuna, ya malemu amuna awo amene adabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni pamodzi ndi chifuwa chimene chidawapha.

“Iwe mtsikana, ntchito yako ndi iyi. Mphindi khumi ndi zisanu zikakwana, imba khasu. Usafulumire, usachedwe. Zina zonse si zako.”

Kalasi yawo idalibe desiki ngakhale imodzi. Idali ndi makona anayi, ndipo kona iliyonse idali ndi ntchito yake. Kona yoyamba kudali zitsekerero za mabotolo, chilichonse chili ndi chilembo chimodzi cholembedwa ndi penti m'kati mwake, ana n'kumazisanja kuti apange mawu. Kona ina kudali malichero akutha odzaza mchenga wa kudambo, olembamo ndi chala. Ina kudali zidutswa za makatoni, zina za zithunzi, zina za mawu, zoti mwana apeze zogwirizana. Yomaliza kudali mabuku amene adasoka okha ndi matumba a feteleza, momwe adalembamo tinkhani ta mbuzi ndi minibasi. Pakati pa kalasi padali mphasa yawo, pamene ankakhala ndi gulu limodzi n'kumamvetsera mwana aliyense akuwerenga. Ine ndikaimba khasu, magulu onse ankanyamuka n'kusuntha, ana oposa zana, popanda wopondana ndi mnzake. Ukaona koyamba unkangoti kukamwa yasa.

Malamulo ake ndiwo adali nkhani. M'mawa ankafotokoza ntchito ya kona iliyonse kamodzi kokha, akuyendayenda, nthawi zina atafulatira ana. Sankabwereza. Ankati mphunzitsi wobwereza mawu amalera ana a makutu aulesi. Ndipo akangokhala pamphasa paja, palibe mwana wololedwa kufikapo. Chikakukanika funsa mnzako, mnzako akalephera dikira khasu. Ankauza ana kuti ngakhale denga litayaka moto, aliyense akudziwa kumene kuli chitseko, asabwere kudzawafunsa iwo. Nanenso ndidaletsedwa kuthandiza. Ankati nkhuku imaonetsa anapiye kupalasa, siwatafunira, ndipo mwana amene wamuthandiza lero mawa adzakufunanso.

Kodi zinkagwira ntchito? Zinkagwira, abale, ndisakunamizeni. Pofika teremu yachitatu tiana tamamina tija tinkawerenga zolemba za pamalole odutsa mumsewu. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Mayi Nangozo nyimbo yawo ankaidziwa.

Koma kuipako adali nako ndithu, ndipo adakangana ndi aliyense amene ankapuma mpweya. Chaka china sukulu idalandira madesiki. Ahedi adawalowetsa m'kalasi Loweruka, Lolemba m'mawa n'kuwapeza onse ali panja pamame. Mayiwo adawauza pamaso pa ana kuti desiki imamangirira mwana pamalo amodzi ngati mbuzi pachikhomo, ndipo ngati iwo akufuna khola la mbuzi akamange kunyumba kwawo. Nyengo yokumba kachewere, makolo akajombetsa ana, ankatsikira okha kudimba ndi ambulera yawo, n'kumukoka mwana padzanja, bambo ake ali chiimire ndi khasu m'manja. Akulu a mpingo nawo adawaitanapo, ati mayi wachikhristu akuoneka Loweruka lililonse pamalo omwera mowa atawerama pakati pa miyendo ya zidakwa. Iwo adapita ndi thumba la zitsekerero, n'kulikhuthula patebulo. Adafunsa kuti ndani pagulupo mwana wake adadziwa kuwerenga popanda zimenezi. Kenaka adaonjeza kuti mabotolo ena adaona ndi maso awo amene adawatsekula. Mlandu udathera pomwepo.

Nkhani zimenezi anthu pamaliro anazikamba akuseka. Anatamanso zoti Mayi Nangozo sadamenyepo mwana. N'zoona, sankamenya. Ine ndimati bola akadamamenya, chifukwa womenya amayamba wakuyang'ana.

Chimene sananene n'chakuti padali mphasa ina, kunja, kuseri kwa kalasi, pansi pa zenera. Kumeneko ankaikako ana amene ankawatcha osapsa. Ankati ngakhale pa Lizulu wogulitsa wanzeru sasakaniza kachewere wowola ndi wabwino m'ndowa imodzi. Ana a kuseri ankapatsidwa zitsekerero zopanda zilembo kuti azisiyanitsa zofiira ndi zobiriwira, ndipo ati azimvetsera pazenera zimene anzawo akuphunzira. Akadzapsa adzalowa. Pazaka zimene ndidakhala nawo, amene adalowanso sakwana zala za dzanja limodzi.

Lute adabwera m'manja mwanga chaka changa chachiwiri pasukulupo, mayi ake atangomwalira. Adali kamwana kachete, kamaso akuluakulu. Polembetsa adadutsitsa dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo, monga tinkayesera ana masiku amenewo, ndipo adalowa Sitandade 1. Kuchetechete kwake tonse tinkati ndi chisoni cha maliro. M'kalasi ankachedwa pa chilichonse. Khasu likalira ankayamba wayang'ana anzake, akaona kuti anyamuka ndiye naye n'kunyamuka. Pakona ankangotengera zimene manja a mnzake akuchita. Mayi Nangozo ankati ndi mwano wa mwana woleredwa ndi mtsikana. Ine ndinkameza mawuwo ngati mankhwala owawa, n'kuyang'ana wotchi.

Tsiku limene sindidzawakhululukira lidali la mu Juni, chifunga chitakuta mapiri, ana milomo ili mbuu. Kudabwera mlangizi wa zamaphunziro ndi aphunzitsi a m'sukulu zoyandikana nafe kudzaonera makona otchuka aja. Adandanda m'mbali mwa khoma, makope m'manja. Zonse zinkayenda ngati madzi. Ndidaimba khasu kachiwiri, magulu adasuntha, ndipo gulu la Lute lidafika pakona ya zitsekerero.

Patangopita mphindi zinayi ndidaona Lute akuimirira. Adafumbata kanthu m'dzanja. Adadutsa pakati pa anzake, phazi ndi phazi, kulunjika pamphasa ya pakati. Kalasi yonse idati zii, chifukwa aliyense ankadziwa lamulo. Adaima pafupi ndi phewa la Mayi Nangozo, natambasula dzanja. Padali chitsekerero chimodzi.

Mayiwo sadacheuke.

“Pitiriza, Yohane,” adatero kwa mwana amene ankawerenga.

Lute adadikira. Kenaka ndi dzanja linalo adagwira juzi yofiirira ija n'kukoka pang'ono. Mayi Nangozo adachotsa tizala take ngati munthu akuchotsa chisoso pachovala, maso ali pabuku la Yohane. Mwanayo sadabwerere. Adaimabe pomwepo, dzanja lili chitambasulire.

Wotchi idali m'manja mwanga. Padatsala mphindi khumi ndi imodzi. Kachitsulo kadali kudzanja linalo, khasu lili pamwamba pa mutu wanga. Ndikadangoimba, magulu akadanyamuka, mwana akadasowera m'chipwirikiti, ndipo alendowo sakadadziwa kanthu. Wodziwa akadakhala mmodzi yekha, mwini wotchi, amenenso adali wolemba kalata yanga. Ndikadathanso kungopita n'kumunyamula, poti adali mwana wanga. Sindidachite chilichonse mwa ziwirizi.

Mkono wake udatopa. Adauchirikiza pachigongono ndi dzanja linalo kuti usagwe. Kenaka adatembenuka n'kundiyang'ana ine. Sadalire, adangondiyang'ana. Ine ndidatsitsa maso, n'kumatsatira kamuvi ka wotchi kakuzungulira. Mphindi khumi ndi imodzi n'zambiri, inu. Munthu ukhoza kutunga madzi kuchitsime n'kubwerako. Zitakwana ndendende ndidaimba khasu, ndipo Lute ataona anzake akunyamuka adafumbata chitsekerero chake n'kuwatsatira.

Alendo adakondwa kwabasi. Mlangizi adati, “Mwaona, aphunzitsi? Umu ndi m'mene ana amaphunzirira kudzidalira.” Mayi Nangozo adawafotokozera kuti ukacheukira mmodzi lero, mawa adzaimirira onse, ndipo makona adzathera pomwepo. Anthu aja adalemba mawuwo m'makope mwawo. M'mawa mwake Lute adamutumiza kumphasa ya kuseri, kuti azikamvetsera pazenera.

Adakhala kumeneko chaka chonsecho, n'kubwereza kalasi, n'kubwereranso komweko. Chaka chachiwiricho khutu lake lidayamba kutuluka mafinya, ndipo ndidapita naye kuchipatala ku boma. Adokotala atamuyeza adandifunsa ngati mwanayu adadwalapo kwambiri ali wamng'ono. Adadwaladi, kale mayi ake ali moyo. Adandiuza kuti khutu lamanzere lidafa kalekale, ndipo lamanja limangomva pang'ono, makamaka woyankhula akakhala pafupi, pamaso pake. Mayo ine! Mwana wosamva, adamukhazika kunja kuti azimvetsera pazenera.

Madzulo a tsiku lomwelo ndidapita kunyumba kwa Mayi Nangozo. Ndidawapeza pakhonde akulemba zilembo m'zitsekerero zatsopano ndi kamtengo koviika mu penti. Ndidagwada.

“Amayi, mwana uja samva. Achipatala atero.”

Sadasiye kulemba. “Iwe umagona naye nyumba imodzi, sudadziwe. Ukufuna ine wa ana zana ndikadadziwa?”

Mawu amenewo adandilasa, chifukwa adali oona. Mayi ameneyu ankadziwa kubaya munthu ndi choonadi.

“Chonde, amayi, mulowetseni. Azikhala pafupi nanu kuti aziona pakamwa panu.”

“Pafupi nane pamakhala gulu, sipakhala mwana mmodzi. Ndikaswa lamulo chifukwa ndi mwana wako, mawa ndidzawauza chiyani eni ana enawo?”

“Nanga aphunzira bwanji?”

“Si iwe mphunzitsi? Kamuphunzitse kwanu.”

Adaviika kamtengo mu penti, n'kutola chitsekerero china. Ndidakhala chigwadire kanthawi, kenaka ndidadzuka ndekha, popeza panalibe wonditsanzika.

Kunyumba ndidayesa, Mulungu ndi mboni. Koma Lute akangoona sileti kapena chitsekerero ankabisa manja kumbuyo n'kuyang'ana pansi. Ndikamuyandikira ndi buku ankathawira kudimba kwa agogo ake. Kenaka dzina langa lidatuluka, ndidapita kukoleji, n'kumusiya ndi agogo akewo. Pobwera ndidapeza sukulu adaisiya, ndipo palibe adamulondola ndi ambulera kudimbako.

Kalata ija ndidadzaiona patapita zaka, m'faelo yanga ku ofesi. Idali yabwino zedi, yolembedwa ndi dzanja lokongola. Mayi Nangozo, amene sadayamikirepo munthu ndi pakamwa, adalemba kuti ndine wodalirika, womvera malamulo, ndipo pazaka zonse zimene ndidagwira nawo ntchito sindidaimbepo khasu nthawi isanakwane. Ndidaiwerenga ndili chiimire, n'kutuluka panja. Ndadya malipiro a uphunzitsi zaka zonsezi chifukwa cha chiganizo chimenecho. Mukamandimva ndikudana nawo, dziwani kuti m'chidanimo ndilimo ndi ine.

Atapuma pantchito adakhala pakhonde lomwe lija, juzi yomweyo. Ndiye taonani zochita Chauta, makutu awo adayamba kutsekeka. Anthu ankawapatsa moni podutsa, iwo duu. Ana a masiku ano, osadziwa mbiri yawo, ankati agogo aja ndi onyada. Kutchalitchi ankaimirira anzawo atakhala kale pansi. Ine nditamva ndidakondwa. Inde, ndidakondwa, ndipo ndikayankha ndekha kumwambako. Ndidati chaona mnzako chapita, lero chili pa iwo.

Amene adandisokonezera chikondwerero changa ndi Lute. Ndidamva kuti pochokera kumsika amapatukira kwa Mayi Nangozo. Tsiku lina ndidadziwonera ndekha. Lute adanjuta patsogolo pawo, n'kuwagwira bondo kuti amuyang'ane, n'kumayankhula pang'onopang'ono, pakamwa pali poyera. Nkhalambayo inkagwedeza mutu, mpaka kuseka. Ine zaka zonse zija mano awo sindidawaonepo.

Panjira ndidamukoka kuti andiyang'ane. “Iwe, ukufunako chiyani kwa munthu wouma mtima ameneyu? Waiwala?”

“Sindidaiwale, amayi,” adatero. “Koma inu simudziwa m'mene kumakhalira chete m'katimu. Ine ndikudziwa.”

“Nanga akukudziwa kuti ndiwe yani?”

“Amanditcha mayi wa kachewere.”

Asa! Mpaka kufa kwawo sadamufunse dzina. Kaya adamuzindikira n'kungokhala chete, kaya ana a kuseri onse adafufutika m'mutu mwawo, sindidziwa, ndipo sindifuna wina abwere kudzandiuza kuti mumtima ankamva chisoni. Chisoni chosatuluka pakamwa n'cha mwini wake.

Pochokera kumanda Lachiwiri lija, njira yathu inadutsa pasukulu. Ana ali patchuthi, ndiye panali zii. Ine ndimafuna kungodutsa, koma Lute anapatuka n'kukankha chitseko cha Sitandade 1, chimene loko wake adathyoka kale. Ndinamutsatira.

Anakaima pakati pa kalasi, pamalo pamene pankakhala mphasa. Ndinazungulira n'kuima patsogolo pake kuti aone pakamwa panga. Funso limene ndalisenza zaka pafupifupi makumi atatu linatuluka lokha.

“Lute, tsiku lija la alendo, unkafuna kuwafunsa chiyani?”

Anandiyang'ana modabwa, kenaka anaseka pang'ono. “Kufunsa? Sindinkafunsa, amayi. Ndidapeza changa.”

Anawerama padesiki yafumbi, n'kujambula ndi chala mzere wotsika, ndi wina wopingasa pansi pake. Chinali chilembo choyamba cha dzina lake.

“Chidali pakhadi langa la kusikelo. Amayi anga ankandilozera, amvekere ichi n'chako. Ndiye ndidachiona m'mulu muja. Palibe adandithandiza. Ndinkafuna madamu aone kuti ndapeza ndekha, poti iwo ankakonda mwana wopeza yekha.”

Anapukuta chala pachitenje n'kutuluka, ati akaone ngati minibasi ya ku Lizulu ikadalipo. Ine ndinatsala m'kalasimo.

Kalasiyo tsopano ili ndi madesiki, mizere inayi, onse kuyang'ana kubolodi. Kona ya malichero kuli mulu wa mipando yothyoka. Kona ya mabuku a matumba kuli matsache ndi ndowa yobooka. Kona ya zitsekerero kulibe kanthu, kangaude yekha ndi ndowe za mbuzi zimene zimalowa chitseko chikakhala chotsekula. Kuseri, pansi pa zenera, kwamera chisoso chofika m'chiuno. Pakati pa chipindacho simenti idasalala mozungulira, pamene mphasa idakhala zaka zonse zija, ndipo madesiki sadathe kupabisa.

Khasu likadalipo. Palibe adaganiza zolichotsa. Lachita dzimbiri, waya wake wapindika, ndipo likulendewera pamwamba pa malo amene ndinkaima ine. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinatola mwala pakhomo, n'kuliimba kamodzi, mwamphamvu. Linalira monga kale, mpaka mpheta zinabalalika padenga. Lute anali akuyenda pabwalo, chapafupi pomwepa, ndipo sanacheuke.